Zimene Ndinaphunzira Pojambula M'mphepete mwa Nyanja ku St Ives

(Mawu amene mmodzi mwa ophunzira akale analankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu)



Komiti itandilembera kalata yondipempha kuti ndidzalankhule lero, inandiuza kuti mutu ndisankhe ndekha, koma ndisapitirire mphindi makumi awiri popeza nsima idzakhala ikudikira. Tsono ine ndasankha kukamba za kujambula zithunzi ndi utoto m'mphepete mwa nyanja. Ndikuona kuti ena mwayamba kale kuyang'anana, pakuti pa tebulo la msonkhano uno pali nkhani zikuluzikulu za madesiki, za denga la hositelo ndi za mabuku a sayansi. Ndikupemphani kuti mundipirire pang'ono, chifukwa kumapeto kwake ndili ndi pempho lokhudza thumba lomwelo limene tikukambiranali.

Ambiri a inu mukudziwa kuti ndinakhala zaka zambiri ndikugwira ntchito ku England. M'chaka cha 2019, ndisanabwerere kuno kumudzi, ndinachita maphunziro a masiku asanu a kujambula malo a m'mphepete mwa nyanja pa St Ives School of Painting. St Ives ndi katauni ka asodzi m'chigawo cha Cornwall, kunsonga kwenikweni kwa England chakumwera cha kumadzulo. Kuchokera ku London pa sitima ya pamtunda ndi ulendo wa maola oposa asanu, ndipo munthu amatsikira pa St Erth n'kukwera kasitima kena kakang'ono koyenda m'mbali mwa nyanja ya mchere. Katauniko kanamangidwa pa mtunda wolowerera m'madzi, ndipo mchenga wa m'magombe ake ndi woyera kwambiri. Motero kuwala kwa dzuwa kumatsika kuchokera kumwamba, kenaka kumabwereranso m'maso mwa munthu kuchokera pa madzi ndi pa mchenga, ndipo ngakhale tsiku la mitambo zinthu zimaoneka ngati zangotsukidwa kumene.

Akatswiri ojambula anayamba kalekale kupitako. Turner anafikako mu 1811, ndipo Whistler ndi Sickert anakhalako m'nyengo yozizira ya 1883 kulowa 1884. Koma chimene chinawachulukitsa ndi zinthu ziwiri zosakhudzana ndi luso n'komwe. Choyamba ndi njanji, imene inatsegulidwa mu 1877. Chachiwiri ndi kuchepa kwa nsomba. Asodzi a kumeneko ankadalira nsomba yotchedwa pilchard, imene amaipha mwaunyinji monga momwe ife timaphera usipa, ndipo malonda ake atayamba kulowa pansi, zipinda zam'mwamba zimene ankasokeramo ndi kuyanikamo maukonde zinatsala zopanda ntchito. Ojambula anayamba kuchita lendi zipinda zimenezi, naziboola mazenera aakulu oyang'ana kumpoto, kumene kuwala sikusinthasintha kwambiri tsiku lonse. Sukulu imene ndikunenayi ili m'nyumba yotere, yotchedwa Porthmeor Studios, ndipo anaiyambitsa mu 1938 ndi amuna awiri, Leonard Fuller ndi Borlase Smart. Pamene ndinali kumeneko asodzi anali akusungirabe zida zawo m'zipinda zapansi, ife tikusakaniza utoto pamwamba pawo.

Timapepala toitanira anthu ku maphunziro otere timakonda mawu a Chingerezi akuti inspiration. M'Chichewa tilibe liwu limodzi lofanana nawo, koma chinthucho timachidziwa: ndi chija chimamugwira munthu mtima mpaka manja kumuyabwa kuti ajambule, aumbe kapena apeke nyimbo. Anthu ambiri amachiyesa ngati mvula, kuti ukangopita pamalo okongola n'kuima, chikugwera chokha. Ine chimene ndinabwera nacho kuchokera ku St Ives n'chakuti kukongola kwa malo pakokha sikupatsa munthu chojambula. Chojambula chimabwera munthu akakhala pansi n'kuyang'ana chinthu chimodzi nthawi yaitali, mpaka ataona zimene sanali kuziyembekezera. Makolo athu ananena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masiku asanu onsewo tinali kuphunzira kudekha kumeneku.

Tinalipo anthu osapitirira khumi ndi awiri, ambiri a ife a imvi. Tsiku loyamba aphunzitsi athu, mayi wina wa mawu ochepa, sanatilole kukhudza utoto. Anatipatsa makala ndi mapepala otchipa, natitengera ku doko, natiuza kuti tijambule zithunzi khumi, chilichonse mphindi ziwiri zokha, popanda chofufutira. Iwo anagwira wotchi. Mphindi ziwiri sizikwanira kuwerenga mazenera a nyumba kapena zingwe za boti, choncho dzanja limakakamizika kufunsa kuti, kodi chachikulu pano n'chiyani? Pamene pada kwambiri ndi pati, ndipo pamene pawala kwambiri ndi pati? Pofika chithunzi chachisanu ndi chiwiri munthu umapeza kuti wasiya kujambula "boti" monga tinkalijambulira m'makope a ku pulayimale, ndipo wayamba kujambula chigamba chakuda chopendekeka chimene chili pamaso pako.

Anatipatsanso kakatoni koboola pakati ngati kazenera, kuti tiziyang'aniramo. Gombe ndi lalikulu, ndipo munthu akafuna kulilowetsa lonse pa pepala limodzi amachita ngati wonyamula madzi m'dengu. Kazenerako kamakuchititsa kusankha: utenga thanthwe ili ndi kachigawo ka thovu, zina zonse uzisiya.

Koma mphunzitsi wamkulu kuposa onse inali nyanjayo. Ife amene tinakulira pafupi ndi nyanja ya Malawi timadziwa kuti madzi amakwera m'dzinja n'kutsika m'chilimwe, pang'onopang'ono. Nyanja ya mchere sitero ayi. Chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi, imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Pa St Ives, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumafika mamita 5 kapena 6. Doko lonse limauma, maboti n'kutsala atagona cham'mbali pa mchenga ngati ng'ombe masana, anthu n'kumayenda pansi pamene m'mawa panali madzi omiza nyumba. Tanthauzo lake kwa wojambula n'lakuti chimene wayamba kujambula 9 koloko sichikhalapo 11 koloko. Sunganene kuti ndidzamaliza mawa. Anzathu ena ankadandaula nazo, koma ine ndinaona kuti kufulumira kwa madziko n'kumene kunatitsegula maso, chifukwa munthu amayang'anitsitsa chinthu chimene akudziwa kuti chikumuthawa.

Tsiku lachiwiri ndi lachitatu tinalowa mu utoto, ndipo apa mundilole ndichedwepo pang'ono. Aphunzitsi anatipatsa mitundu itatu yokha, wofiira, wachikasu ndi wabuluu, kuonjezapo woyera. Wakuda anatimana. Anatiuza kuti tiyang'ane nyanja ndipo aliyense awerenge mitundu imene akuiona. Mukudziwa kuti m'chinenero chathu liwu lakuti kubiriwira limatha kunena tsamba la chimanga, ndipo ena amalinenanso pa thambo ndi pa madzi akuya. Azungu ali ndi mawu awiri, ndipo munthu angaganize kuti iwo ndiye zinthu zawayendera. Koma nawonso ankavutika chimodzimodzi, pakuti mutu wawo unawauza kale kuti nyanja ndi yabuluu, ndipo dzanja linkathamangira ku utoto wabuluu maso asanaone. Ukadekha umapeza kuti pamene madzi ali osaya pamwamba pa mchenga woyera pali kubiriwira kowala ngati kwa botolo. Pamene pansi pali ndere ndi miyala pali kuda kopita ku mtundu wa nthudza. Pamene mtambo waponya mthunzi pali kutuwa ngati phulusa. Ndipo kutali, kumene nyanja ikumana ndi thambo, mitundu yonse imafooka chifukwa cha mpweya ndi chinyontho chimene chili pakati pa iwe ndi malowo. N'chifukwa chake phiri lakutali limaoneka lotumbuluka ngakhale lili ndi mitengo yofanana ndi ya pakhomo pako. Mchenga wonyowa umene funde langouchoka umatenga mtundu wa thambo ngati kalilole, ndipo pakapita mphindi imodzi umabwerera ku mtundu wake. Mthunzi wa boti pa mchenga si wakuda, uli ndi kabuluu mkati mwake. Zonsezi palibe amene angakuuze n'kuzikhulupirira. Umayenera kuziona wekha, utagwira burashi, mphepo ikukupindira pepala.

Kutsidya kwa nyanjayo kumaoneka nsanja yoyera ya nyali yochenjeza oyendetsa sitima, pa kachilumba ka Godrevy. Aliyense wofika ku St Ives amafuna kuijambula, ndipo m'masitolo muli zithunzi zake zosawerengeka. Aphunzitsi sanatiletse, koma anatifunsa mmodzimmodzi kuti, kodi mwaonapo chiyani chimene sichili pa positikhadi? Amene analibe yankho anamuuza kuti atembenuke ayang'ane kumbuyo kwake. Bambo wina anathera masiku awiri akujambula zingwe ndi unyolo wadzimbiri pa khoma la doko, ndipo kunena zoona chithunzi chake n'chimene chinatiposa tonse. Zotere si zachilendo kumeneko. Mayi wa ku Canada, Emily Carr, anapita ku St Ives mu 1901 kukaphunzira kwa Julius Olsson, katswiri wojambula nyanja, koma kunyezimira kwa pa gombe kunkamupweteka mutu, choncho ankathawira m'nkhalango ya Tregenna kumtunda kwa tauniyo. Pambuyo pake anatchuka kwawo chifukwa cha zithunzi za nkhalango.

Tsopano ndikufuna ndikuuzeni za munthu amene nkhani yake inandikhudza kuposa zonse, dzina lake Alfred Wallis. Kanyumba kake kali m'msewu womwewo umene muli sukuluyo, Back Road West, ndipo tinkakadutsa m'mawa uliwonse. Wallis anabadwa mu 1855, anagwirapo ntchito ya pa nyanja, kenaka ankachita malonda a zitsulo ndi zingwe zakale za m'maboti. Sanalowepo m'kalasi la zojambula. Mkazi wake atamwalira mu 1922, nkhalambayi inayamba kujambula ili ndi zaka pafupifupi 70, kuti ichotse kusungulumwa. Ndalama zogulira chinsalu analibe, motero ankajambula pa zidutswa za makatoni zimene ankapempha kwa ogulitsa m'magolosale, pogwiritsa ntchito penti yopakira maboti ndi nyumba. Katoni ikakhala yokhota m'mbali sankaiwongola, ankalola kuti kukhotako kukhale gombe; ndipo mtundu wa katoniyo ankausiya kuti uoneke ngati mchenga kapena thambo.

Chodabwitsa n'chakuti Wallis, ngakhale nyanja inali pafupi ndi khomo lake, kawirikawiri sankapita kukakhala pa gombe monga tinkachitira ife. Ankajambula za m'mutu, maboti oyendera matanga amene anali atatha kale m'masiku akewo. Chimene chinali chofunika kwa iye ankachikulitsa, chosafunika n'kuchichepetsa, ndipo doko ankalijambula ngati mapu, monga momwe munthu wolowetsa boti amalidziwira. Kuyang'ana kwake anali atakuchita kale zaka makumi ambiri ali pa ntchito. Mu 1928 akatswiri awiri a ku London, Ben Nicholson ndi Christopher Wood, akudutsa anaona zithunzizo pa khomo lotsegula, atazikhomera ndi misomali pa khoma, ndipo anagogoda. Zimene anaona zinasintha kajambulidwe kawo, ndipo lero zithunzi za Wallis zimasungidwa ndi Tate komanso ku Kettle's Yard mu mzinda wa Cambridge. Koma mwini wakeyo sanalemere nazo. Anamwalira mu 1942 m'nyumba yosungiramo amphawi ku Madron, pafupi ndi Penzance. Manda ake ali pa Barnoon, pamwamba pa gombe la Porthmeor, ndipo anawakuta ndi matailosi amene anaumba Bernard Leach, woumba mbiya wotchuka wa m'tauniyo. Chapafupi pomwepo pali nyumba yaikulu yoonetsera zithunzi ya Tate St Ives, imene inatsegulidwa mu 1993. Ndinaima pakati pa ziwirizi, manda ndi nyumbayo, ndipo sindinganene kuti mtima wanga unakondwa.

Wina wobadwira komweko, Peter Lanyon, anaona kuti kuima pa gombe sikukumukwanira, ndipo mu 1959 anayamba kuuluka m'ndege zopanda injini kuti aone matanthwe ndi mafunde kuchokera kumwamba ndi kumva mphepo m'thupi mwake. Anamwalira mu 1964 atachita ngozi ndi ndege yotere. Sindikupempha mwana aliyense wa sukulu ino kuti afike pamenepo.

Masiku awiri omaliza tinabwerera m'chipinda, ndipo aphunzitsi anatiuza kuti tiike pambali makamera ndi mafoni, tigwiritse ntchito timapepala tathu ta makala tija ndi zimene zatsala m'mutu. Apa m'pamene ndinamvetsa za Wallis. Kamera imasunga zonse mofanana, tsamba ndi phiri, pamene mutu umasunga chokhacho chimene chinakukhudza. Anthu khumi ndi awiri tinakhala pa gombe limodzi, koma pa khoma panapachikidwa magombe khumi ndi awiri osiyana.

Tsono ndibwere kwathu kuno. Pitani ku Senga Bay, ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay, kapenanso m'misika ya ziboliboli ku Lilongwe ndi ku Blantyre, muone zithunzi zimene anyamata athu amagulitsa kwa alendo. Manja awo ndi aluso, ena kuposa anthu amene ndinali nawo ku St Ives. Koma chithunzi chake n'chimodzi: dzuwa lofiira, mlambe wakuda, msodzi m'bwato, mayi wasenza mtsuko. Sindikuwanyoza, pakuti munthu amajambula chimene chigulidwe kuti ana adye. Chimene chimandiwawa n'chakuti zithunzizi amazitengera pa zithunzi zinzake, nyanja yeniyeniyo ili kumbuyo kwawo. Ndani wajambulapo nyanja m'mwezi wa Julaye, mwera utakalipa, madzi atatuwa ngati chitsulo ndipo mabwato onse atawakokera kumtunda? Ndani wajambulapo nkhungu zikutuluka m'madzi ngati utsi wa moto wolusa, kapena nyali za asodzi a usipa usiku zitandanda ngati tauni yoyandama, kapena matandala oyanikapo nsomba akunyezimira masana? Mwana wa msodzi wa ku Nkhotakota amadziwa nyanja monga Wallis ankadziwira yake. Chimene akusowa ndi munthu womuuza kuti zimene akudziwazo n'zoyenera pepala.

Ndiponso tisaganize kuti kujambula ndi mwambo wobwera. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zithunzi za pa matanthwe, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Ku Mua, malo a Kungoni, amene anayamba mu 1976, aphunzitsa anthu ambiri kusema ndi kujambula. Amene anajambula ku Chongoni sanagule utoto m'sitolo.

Ife pa sukulu ino tinkajambula ndithu, koma tinkajambula mapu a Africa ndi ziwalo za chambo, ndipo wina akapezeka akujambula nkhope ya mnzake kumbuyo kwa kope, mapeto ake anali kukatchetcha bwalo la mpira. Ena mwa inu mukuseka chifukwa mukudzikumbukira. Aphunzitsi athu sankalakwa potiumiriza mayeso, ndipo ambiri tili pano chifukwa cha kuumiriza kumeneko. Komabe m'kalasi lililonse munali mmodzi kapena awiri a dzanja lotere, ndipo ndikayang'ana m'holo muno ndikuona kuti ambiri a iwo anasiya kalekale. Ndinganenenso kwa madokotala, mainjiniya ndi alangizi a zaulimi amene muli pano kuti mwana amene waphunzira kuona mitundu isanu m'madzi amene anzake akuti ndi abuluu, adzaonanso msanga tsamba la chimanga likayamba kusintha mtundu, kapena maso a wodwala akayamba chikasu.

Pempho langa ndi ili, a Wapampando. Sindikuti tichotse ndalama za denga kapena za madesiki. Ndikupempha kuti bungwe lathu lilole kuti chaka chilichonse titenge ana khumi ndi awiri, anyamata ndi atsikana mofanana, limodzi ndi aphunzitsi awiri, tipite nawo ku nyanja masiku atatu pa tchuthi, nyengo ya mwera. Asankhidwe poona zimene amajambula okha, osati poona malikisi a masamu. Zofunika ndi zochepa: mapepala, makatoni akale, makala a m'khitchini, matabwa oikirapo pepala ndi zopanira zovala kuti mphepo isaulutse ntchito yawo, maburashi, ndi utoto wa mitundu inayi ija. Maburashi ndi utoto wa chaka choyamba ndabwera nazo, zili m'galimoto panjapa. Chimene chatsala ndi mayendedwe, chakudya ndi pogona, ndipo ndikudziwa kuti pakati pathu pali ena a kunyanja amene angatipezere kalasi kapena holo ya tchalitchi yoti anawo agonemo. Lamulo likhale limodzi lokha, lakuti tsiku loyamba asajambule dzuwa lofiira kapena mlambe. Zithunzi zimene adzabwere nazo tidzazipachike m'holo muno pa msonkhano wa chaka chamawa, ndipo amene adzakonde chithunzi adzagule, theka la ndalamazo lipite kwa mwanayo ndipo theka lina lilipire ulendo wotsatira.

Ine ndadzipereka kupita nawo ulendo woyamba. Amene mungathandize ndi galimoto kapena malo ogona, mulembetse mayina anu kwa a Mlembi tisanapite kukadya.